Galu wotsokomola, galu wokodza magazi: zimene ofufuza apeza pa mtima ndi impso za ziweto zathu

MECANHELAS - M'midzi ya m'mbali mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, galu akayamba kuonda, kutsokomola, kenako n'kufa mimba itatupa, mlandu umagwera mnansi. Amati wamudyetsa tameki, kapena wamuikira nyama ya poizoni kuseri kwa nkhokwe. Milandu yotere imafika mpaka kwa amfumu, ndipo pali mabanja amene anasiya kupemphana moto chifukwa cha galu. Poizoni amakhalapodi nthawi zina, sitikukana. Koma kafukufuku amene madokotala a ziweto akhala akuchita muno m'Moçambique, ku Malawi ndi ku South Africa akusonyeza kuti zizindikiro zomwezi zimabweranso ndi matenda a mtima ndi a impso, amene gwero lake ndi udzudzu, nkhupakupa ndi mkodzo wa khoswe. Imodzi mwa nthenda zimenezi imagwiranso anthu, ndipo imafanana kwambiri ndi malungo.

Kuno galu si chidole. Ndi iye amene amalonda khola la ng'ombe ndi mbuzi usiku, amathamangitsa anyani kumunda, amapita ndi anyamata kokasaka. Banja likataya galu wabwino limakhala lataya mlonda. N'chifukwa chake taganiza zokufotokozerani, omvera athu, zimene asayansi akudziwa pa nkhaniyi.

Mtima ndi impso n'zolumikizana

Impso zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a magazi onse amene mtima umapopa. Ntchito yake ndi kusefa magaziwo: zoipa zipite ku mkodzo, madzi ndi mchere zofunika zibwerere m'thupi. Mtima ukafooka, magazi ofika ku impso amachepa. Impsozo zimayesa kuti thupi lauma, ndiye zimayamba kusunga mchere ndi madzi. Madziwo amakadzaza m'mapapo kapena m'mimba, ndipo mtima wofooka uja umalemedwa kuposa kale. Zikayambira ku impso, njira ndi yomweyo koma yobwerera: magazi amayamba kuthamanga kwambiri, amachepa m'thupi, mtima n'kutopa. Ndiye mukaona galu wotupa mimba, simungadziwe ndi maso okha kuti vuto linayambira kuti.

Chovuta china n'chakuti impso sizidandaula msanga. Madokotala akafuna kudziwa mmene impso zikugwirira ntchito amayeza m'magazi chinthu chotchedwa creatinina. Koma kuti creatinina akwere moonekera, impso zimakhala zitataya kale pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu zake. Chimene mwini galu angaone poyamba ndi ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, mkodzo wake woyera ngati madzi. Kenako kumabwera kusanza, kukana chakudya, ndi fungo loipa m'kamwa.

Kumayiko olemera, ndalama zambiri za kafukufuku zapita pa agalu ndi amphaka okalamba. Mu 1998 akatswiri anakhazikitsa bungwe la International Renal Interest Society, limene linagawa nthenda ya impso ya mgonagona m'magawo anayi kuti dokotala wa ku Lisboa ndi wa ku Tokyo azilankhula chimodzi. Mu 2015 kunabwera njira ina yoyezera magazi yotchedwa SDMA, imene imaonetsa vuto msanga kuposa creatinina. Ku mbali ya mtima, kafukufuku wotchuka ndi amene anatsogolera Adrian Boswood wa ku Royal Veterinary College ku London. Anatsatira agalu 360 m'mayiko 11, onse ali ndi mtima umene unayamba kukula chifukwa kachitseko ka mkati mwa mtima sikatseka bwino, koma asanayambe kudwala moonekera. Zotsatira zinatuluka mu 2016: agalu amene ankamwa mankhwala a pimobendan anakhala pafupifupi miyezi 15 yoonjezera asanagwe m'matenda enieni, poyerekeza ndi amene ankamwa mapiritsi opanda mankhwala.

Ntchito imeneyi ndi yabwino, koma tinene zoona: ndi ya galu amene amafika ukalamba, amajambulidwa mtima ndi makina, ndipo amamwa piritsi kawiri pa tsiku moyo wake wonse. Agalu athu ambiri safika zaka zimenezo. Chimene chimawononga mitima ndi impso zawo chimabwera akadali anyamata, ndipo chimachokera kunja kwa thupi.

Pa amphaka pali phunziro limodzi lochokera kutali limene lingagwire ntchito pakhomo pathu. Mu 1987 Paul Pion ndi anzake a ku Davis, ku California, anapeza kuti amphaka ambiri amene ankafa ndi mtima wotambasuka ankasowa chinthu chotchedwa taurine m'chakudya chawo. Chinthuchi chimapezeka m'nyama ndi m'nsomba. Mu chimanga mulibe. Mphaka amene amagwira makoswe ndi kulandirako mitu ya matemba ali bwino. Amene amatsekeredwa m'sitolo n'kumapatsidwa mkute wa nsima wokha ndiye ali pangozi.

Njoka zimene zimakhala mumtima

Ambiri timadziwa njoka za m'mimba. Koma pali njoka ina imene imakhala m'mitsempha ikuluikulu yochoka kumtima kupita kumapapo, ndipo zikachuluka zimadzaza mbali ya kumanja ya mtima weniweniwo. Asayansi amaitcha Dirofilaria immitis, ndipo nthenda yake pa Chipwitikizi amati dirofilariose. Ndi yoyera, yopyapyala ngati ulusi wosokera ukonde. Yaikazi imatha kutalika mpaka masentimita 30, ngati rula ya mwana wa sukulu.

Galu saitenga pakudya kapena pakumwa. Amaitenga kwa udzudzu. Njoka yaikazi imaswa tiana ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timayenda m'magazi a galu. Udzudzu ukaluma galu woteroyo umayamwa tianato, ndipo m'thupi la udzudzu timakula kwa milungu pafupifupi iwiri kukakhala kotentha. Udzudzuwo ukaluma galu wina timalowa pa balalo. Pamapita miyezi 6 kapena 7 kuti tifike kumtima ndi kukhala njoka zazikulu, ndipo njoka imodzi imatha kukhala m'galu zaka 5 mpaka 7. Mitundu yambiri ya udzudzu imanyamula tianati, kuphatikizapo Anopheles wa malungo uja ndi Culex amene amalira m'khutu usiku.

Taonani kutalika kwa nthawiyo. Galu amene analumidwa m'dzinja, madambo atasefukira, sasonyeza kanthu mpaka chilimwe chitatha, mwinanso chaka chotsatira. Pofika tsiku limene ayamba kutsokomola, palibe amene angaganizire za udzudzu. Aliyense amakumbuka za mkangano wa dzana ndi mnansi.

Chizindikiro choyamba ndi kachifuwa kouma, makamaka akathamanga. Galu amene ankatsogolera anzake kosaka amayamba kutsalira, kupuma wefuwefu, nthawi zina kugwa n'kukomoka. Amaonda ngakhale akudya. Pambuyo pake mimba imadzaza madzi. Ofufuza anaonanso kuti galu wothamanga kwambiri ndi amene mitsempha yake ya m'mapapo imawonongeka msanga, choncho agalu osaka ndi oweta ng'ombe ndiwo amavutika kuposa ogona pakhonde. Impso nazo sizipulumuka. Pamene thupi likulimbana ndi njokazo, zinyalala za nkhondoyo zimakakamira m'tisefa ta impso, ndipo tisefato timayamba kudontha. Njoka zikachulukitsa n'kutseka mtsempha waukulu wobweretsa magazi kumtima, galu amagwa mwadzidzidzi, mkodzo umasanduka wakuda, ndipo amafa m'masiku ochepa. Imfa yotere ndi imene imafanana kwambiri ndi ya poizoni.

Kodi njoka imeneyi ilipo kwathu kuno? Mu 2002 magazini ya madokotala a ziweto a ku South Africa inasindikiza kafukufuku wa E. V. Schwan ndi D. T. Durand. Anayeza magazi a agalu 13 achikuda a m'chigawo cha Zambézia, chimene boma lathu la Mecanhelas lagundana nacho malire kummwera, ndipo 4 mwa iwo anapezeka ndi tiana ta njokayi. Panali patapita zaka pafupifupi 30 chiilembereni komaliza m'dziko muno. Agalu 13 ndi ochepa, ndipo eni kafukufukuyo ananena okha kuti pakufunika kuyeza agalu ambiri m'madera ambiri. Komabe 4 pa 13 si nambala yoti munthu n'kuinyoza.

Kutsidya kwa malire, ofufuza a ku Sweden motsogozedwa ndi Karin Alvåsen anayeza agalu 100 mumzinda wa Lilongwe, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2016. Agalu 4 anapezeka ndi njoka ya mumtima. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, pamene chigwa cha Chilwa chili pa mamita ongopitirira pang'ono 600. Kusiyanaku n'kofunika, chifukwa tiana ta njokayi timasiya kukula m'thupi la udzudzu kukazizira kufika pansi pa madigiri 14. Ku Lichinga, kumene kuli mamita oposa 1,300, chisanu chimadula ulendo wa njokayi kwa kanthawi. Kuchigwa kwathu kuno kumatentha, ndipo madambo a mlulu ndi bango ozungulira Chilwa ndi Chiuta amasunga madzi miyezi yambiri. Zonse zimene njokayi imafuna tili nazo.

Kuchiza galu amene ali kale ndi njoka zazikulu n'kovuta. Pamafunika mapiritsi a doxiciclina kwa mwezi, kenako majakisoni a melarsomina obaya mkati mwa minofu ya msana, ndipo galuyo amayenera kumangidwa osathamanga kwa milungu yambiri, chifukwa zidutswa za njoka zakufa zimatha kutseka mitsempha ya m'mapapo. Kupewa ndiye kosavuta: kamlingo kakang'ono ka ivermectina mwezi uliwonse kamapha tianato tisanakule. Koma apa pali msampha umene oweta ng'ombe ayenera kuumvetsa. Mlingo wa ivermectina umene ng'ombe imalandira pa kilo iliyonse umaposa ka 30 mlingo wotetezera galu ku njokayi. Mukatunga m'botolo la ng'ombe mongoyerekeza n'kubaya galu amene magazi ake adzaza kale tiana, tonse timafa nthawi imodzi ndipo galu angathe kugwa pomwepo. Ayambe wayezedwa magazi, ndipo mlingo awerengere mlangizi wa ziweto.

Munthu nayenso angalumidwe ndi udzudzu womwewo, koma m'thupi la munthu njokayi sikula mpaka kuswa. Mwa apo ndi apo imakafera m'phapo n'kusiya kachotupa kozungulira kamene pa chithunzi cha kuchipatala kamatha kusokonezedwa ndi chifuwa chachikulu kapena khansa. Ndi mbale wake wa njoka ija imene imatupitsa anthu miyendo ndi kuyambitsa phudzi, imenenso imayenda ndi udzudzu.

Nkhupakupa ndi malungo a agalu

Kafukufuku wa ku Lilongwe uja anapezanso china chachikulu kuposa njoka. Mwa agalu 100, okwana 22 anali ndi zizindikiro m'magazi zoti anakumanapo ndi kachilombo ka Ehrlichia, ndipo 12 ndi ka Anaplasma. Tonse tiwiri timabwera ndi nkhupakupa. Galu wa Ehrlichia amatentha thupi, amaonda, nthawi zina amatuluka kamfuno, ndipo nthendayo ikakhalitsa imawononga tisefa ta impso.

Koopsa kuposa apa kumwera kwa Africa ndi ka Babesia. Kachilomboka kamakhala mkati mwa maselo ofiira a magazi n'kumawaswa, monga mmene ka malungo kamachitira kwa munthu, moti sikulakwa kuitcha nthendayi malungo a agalu. Tukulani mlomo wa galu wodwala muone nkhama. Zikakhala zoyera kapena zachikasu m'malo mwa zofiira, ndipo mkodzo uli ngati tiyi wopanda mkaka, ganizani za nkhupakupa musanaganize za mnansi. Ku Onderstepoort, sukulu ya madokotala a ziweto ya ku Pretoria, Remo Lobetti ndi anzake anafufuza chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mmene Babesia amakhudzira impso ndi mtima. Anayeza m'magazi a agalu troponina, chinthu chimene chimatuluka m'minofu ya mtima ikavulala, chomwenso madokotala amayeza kwa anthu, ndipo anapeza kuti chinali chokwera kwambiri mwa agalu odwalitsitsa.

Mankhwala ake alipo, ndipo oweta ng'ombe amawadziwa: Berenil. Koma galu si ng'ombe. Pa galu, mlingo wochiza ndi mlingo wopha n'zoyandikana. Mukapyoza pang'ono, kapena mukabwereza jakisoni mawa lake poona kuti sanachire, mankhwalawo amakawononga ubongo. Galu ayenera kuikidwa pa sikelo kaye.

Tidutseko pang'ono kukhola la mbuzi, popeza nkhupakupa sizisankha. Amene amasenda mbuzi yofa mwadzidzidzi n'kupeza madzi ambiri m'kathumba kokuta mtima aona nthenda imene pa Chingerezi amati heartwater, yobwera ndi nkhupakupa za mawangamawanga zotchedwa Amblyomma. Kafukufuku wa Cornelis Bekker ndi anzake, wa mu 2001, anapeza kuti mwa mbuzi 332 za ku Tete, pafupifupi 8 pa 100 zilizonse ndi zimene zinakumanapo ndi kachilomboka, pamene mwa mbuzi 326 za zigawo za kummwera zinali pafupifupi 66 pa 100. Atasamutsa mbuzi 10 za ku Tete kupita kummwera, ziwiri zinafa ndi nthendayi m'milungu yochepa. Ndiye mbuzi yogula kutali ikafa itangofika m'khola lachilendo, si nthawi zonse pamene wogulitsa amakhala kuti anakupusitsani.

Mkodzo wa khoswe: apa ndi pamene zikukhudza inu

Nthenda ya leptospirose imayamba ndi kachilombo kopotana ngati chingwe, kamene nyumba yake ndi impso za khoswe ndi mbewa. Khosweyo sadwala. Amangokatulutsa mumkodzo moyo wake wonse, ndipo m'madzi odikha ndi m'matope kamatha kukhala milungu ngakhale miyezi. Kamalowa m'thupi kudzera pa bala, m'ming'alu ya kumapazi, m'maso kapena m'kamwa. Galu amakatenga pomwa m'chithaphwi kapena pogwira khoswe. Kakalowa kamapita ku impso ndi ku chiwindi: galu amatentha thupi, amasanza, maso amachita chikasu, mkodzo umachepa kapena kusiyiratu. Amene wachira amatha kupitiriza kutulutsa kachilomboka mumkodzo kwa miyezi. Ng'ombe nazo zimakatenga, ndipo chizindikiro chake nthawi zambiri ndi kutaya bere ndi kuuma mkaka.

Munthu amakatenga mwa njira yomweyo. Dokotala wa ku Germany, Adolf Weil, anafotokoza nthendayi mwa anthu mu 1886, ndipo mu 1915 asayansi a ku Japan, Inada ndi Ido, anapeza kachilombo kake. Kuwerengera kumene kunasindikizidwa mu 2015 kunati pa dziko lonse anthu oposa pang'ono 1 miliyoni amadwala nthendayi chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 58,900 amafa.

Muno m'Moçambique, ofufuza a Instituto Nacional de Saúde anayeza magazi a anthu 373 amene anafika kuchipatala thupi likutentha pakati pa 2012 ndi 2014, ku Maputo ndi ku Caia, boma la m'mbali mwa Zambeze limene madzi amasefukira kawirikawiri. Anthu 5 anatsimikizika kuti akudwala leptospirose, ndipo ena 38 magazi awo anasonyeza kuti n'kutheka ali nayo. Ku Ilha de Moçambique, m'chigawo cha Nampula, ofufuza ena anatchera makoswe n'kupeza kachilomboka mu impso zawo.

Tsopano ganizani za moyo wa kuno. Mlimi wa mpunga amakhala m'madzi ofika m'mawondo tsiku lonse, wopanda nsapato. Msodzi wa pa Chilwa amakankha bwato m'matope, chifukwa nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mnyamata amakumba mbewa ndi manja, galu wake ali pambali. Amayi amachapa pa chithaphwi chimene ng'ombe zamwapo. Madzi akasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu 2023, makoswe amathawira kumtunda kumene kuli anthu, ndipo mkodzo wa m'makola ndi m'mauna umasakanikirana ndi madzi a m'zitsime zosaphimba.

Vuto lalikulu n'lakuti nthendayi imayamba ngati malungo: kutentha thupi, litsipa, kuphwanya m'thupi, patatha sabata imodzi kapena ziwiri chilowereni m'madzi oipawo. Koma pali zinthu ziwiri zimene zingakuthandizeni kukayikira. Choyamba ndi kupweteka kwambiri kwa akatumba a kumiyendo. Chachiwiri ndi maso ofiira opanda manthongo. Ambiri amachira okha. Mwa ochepa imabwereranso mwamphamvu, ndi chikasu, kusiya kukodza, mwinanso kutsokomola magazi. Impso zikaima pamafunika makina osefa magazi, amene amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha, kutali ndi Insaca. Pamene ikadziwika msanga, mankhwala wamba monga doxiciclina kapena penicilina amathandiza.

Ndiye mukapita kuchipatala thupi likutentha, n'kuyezedwa malungo osapezeka, musabwerere chete n'kukagula Coartem kumsika. Auzeni a zaumoyo kuti mwakhala mukugwira ntchito m'madzi, kuti m'nyumba muli makoswe, ndiponso ngati galu wanu wadwala chikasu kapena ng'ombe zataya bere. Kwa ife zimaoneka ngati nkhani zosagwirizana, koma kwa namwino wodziwa ntchito ndi umboni. Galu wodwala amakhala atakuchenjezani za madzi amene inunso mukupondamo.

Nanga akavalo?

Kavalo ndi chiweto chimene ana ambiri a kuno amangochiona m'buku. Kumayiko amene amachita mpikisano wa akavalo, mtima wa kavalo waphunziridwa kwambiri. Umalemera pafupifupi makilo 4, ndipo kavalo akapuma umagunda ka 28 mpaka 40 pa mphindi, pang'onopang'ono kuposa wa munthu. Vuto lodziwika ndi kugunda kosokonekera kumene kumachititsa kavalo wothamanga kufooka pakati pa mpikisano. Mankhwala akale a vutoli ndi quinidina, mbale wake wa kwinini wa malungo. Onse awiri amachokera ku khungwa la mtengo umodzi wa ku South America.

Kusowa kwa akavalo kuno kuli ndi zifukwa zake, ndipo chimodzi ndi matenda. Kupatula nthenda ya kashembe, pali mliri wa akavalo umene pa Chipwitikizi amati peste equina africana, wofalitsidwa ndi tintchentche ting'onoting'ono toluma madzulo. Mtundu wina wa mliriwu umagwira mtima: kavalo amatupa pamwamba pa maso ndi m'khosi, madzi amadzaza m'kathumba ka mtima, ndipo theka kapena kuposerapo la odwala amafa. Arnold Theiler, amene anayambitsa Onderstepoort mu 1908, anathera zaka zambiri pa nthenda imeneyi. Abulu ndi mbidzi zimapirira, koma galu amene wadya nyama ya kavalo wofa ndi mliriwu amatha kudwala n'kufa.

Mbiri ya dziko lathu ili ndi chitsanzo chowawa cha zimene zimachitika ziweto zikamafa anthu osadziwa chifukwa. Gulu la nkhondo la Francisco Barreto linanyamuka ku Lisboa mu 1569 kukafuna golide wa Mwenemutapa. Litafika ku Sena, m'mbali mwa Zambeze, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1570, akavalo ake anayamba kufa. Apwitikiziwo, molimbikitsidwa ndi wansembe Francisco de Monclaro, anati amalonda achisilamu a kumeneko ndiwo athira poizoni, ndipo anawapha mwankhanza. Akatswiri a masiku ano amati akavalowo anafa ndi matenda. Ena amatchula kashembe, ena mliri wa akavalo uja.

Kwa amene ali ndi abulu okoka ngolo, chenjezo ndi la chakudya ndi dibi. Zakudya zina za nkhuku zogula m'matumba zimakhala ndi mankhwala otchedwa monensina, amene kwa nkhuku ndi abwino koma amawononga minofu ya mtima wa kavalo ndi bulu. Dibi wa amitraz amene timasambitsira ng'ombe nayenso si wa kavalo kapena bulu, chifukwa amaumitsa matumbo.

Mapiritsi a anthu

Pali impso zambiri za agalu zimene zimawonongedwa ndi chifundo. Galu akatsimphina, mwini wake amamwetsa ibuprofeno kapena diclofenac wotsala m'nyumba. Mankhwala amenewa amachepetsa magazi opita ku impso ndi kuboola zilonda m'mimba, makamaka galu akakhala kuti akusanza kale ndipo thupi lauma. Paracetamol, amene ambiri timati panado, kwa mphaka ndi poizoni weniweni: piritsi limodzi lingamuphe, chifukwa chiwindi cha mphaka sichitha kuwasungunula. Jakisoni wa gentamicina wobaya masiku ambiri nayenso amapsereza impso.

Zimene mungachite pakhomo n'zosafuna ndalama zambiri. Galu akhale ndi mbale yake ya madzi a pamjigo kuti asamamwe m'zithaphwi. Muzimuchotsa nkhupakupa m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala, koma osaziphwanya ndi zikhadabo zanu. Malo amene galu wodwala wakodzapo thirani madzi a jiki, ndipo ana asasewerepo. Galu wofa mukwirireni mozama, mutavala mapepala apulasitiki m'manja, musamuponye kudambo. Koma galu akasintha khalidwe, kuyamba kuluma chilichonse kapena kutuluka dovu, imeneyo ndi nkhani ina. Musamugwire n'komwe. Chingakhale chiwewe, ndipo wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Dziwaninso kuti katemera wa chiwewe amene alangizi a ziweto a ku SDAE amabaya agalu sateteza ku leptospirose, ku njoka ya mumtima kapena ku matenda a nkhupakupa. Katemera wa leptospirose ndi wapadera ndipo amabwerezedwa chaka ndi chaka. Komabe tsiku la katemera wa chiwewe ndi mwayi, chifukwa ndi tsiku lokhalo limene agalu a mudzi wonse amasonkhana pamalo amodzi. Agalu 80 mwa 100 a ku Lilongwe aja anayezedwa pa misonkhano yotere. Kachipangizo koyezera njoka ya mumtima ndi matenda a nkhupakupa kamafanana ndi koyezera malungo kaja: timadontho ta magazi, mphindi pafupifupi 10, yankho latuluka. Ku Unango kuli Faculdade de Ciências Agrárias ya UniLúrio, ku Lichinga kuli ofesi ya IIAM, ku Maputo kuli Faculdade de Veterinária ya Universidade Eduardo Mondlane, ndipo chaka chilichonse ophunzira amafuna mitu yoti afufuze pomaliza maphunziro. M'maganizo athu, agalu a ku Entre-Lagos, Chissaua ndi Chiuta ndi mutu wokwanira, ndipo amfumu ndi makomiti a oweta ziweto angathe kupempha zimenezi kudzera ku SDAE ku Insaca.

Pamene tikudikira zimenezo, mukapita kwa mlangizi wa ziweto ndi galu wodwala, konzekerani kuyankha mafunso awa: anayamba liti kutsokomola kapena kusanza, akumwa madzi ochuluka bwanji, mkodzo wake ndi wamtundu wanji, nkhama zake zikuoneka bwanji, ndi mankhwala ati amene mwamupatsa kale. Botolo kapena pepala la mankhwalawo mulitengere konko.